Kuphunzitsa Magulu a M'midzi Ozimitsa Moto wa M'tchire Chaka ndi Chaka

MAU OYAMBA

Pa 10 Okutobala 2022 anthu 10 anafa pa famu ina kufupi ndi Esigodini, m'chigawo cha Matabeleland South ku Zimbabwe, pamene ankayesa kuzimitsa moto wa m'tchire. Mu Julayi 2024 ozimitsa moto osachepera 6 anafanso ndi moto wotere kufupi ndi Boston, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa. Onsewa anathamangira moto pofuna kupulumutsa msipu, mitengo ndi katundu. Ntchito yozimitsa moto wa m'tchire imapha, ndipo mudzi uliwonse umene ukutuma anthu ake kukaigwira uyenera kudziwa zimenezi usanawatume.

M'nkhalango za mitengo ya mombo, tsamba ndi mtondo, zimene zafalikira ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Tanzania, Angola ndi kum'mwera kwa Congo, moto umabuka chaka chilichonse kuyambira pamene udzu wauma kufikira mvula yoyamba. Moto wambiri umayatsidwa ndi anthu: anyamata osaka mbewa, a uzimba, ofula njuchi, ootcha makala ndiponso alimi otentha mapesi pososa m'minda. Galimoto zozimitsa moto zimakhala m'mizinda ndi m'minda ya makampani, kotero kuti kumudzi ozimitsa moto ndi eni mudzi okha. Malamulo a maiko angapo amavomereza zimenezi. Ku Malawi lamulo la zankhalango la 1997 linapatsa midzi mpata wokhala ndi nkhalango zawo pamodzi ndi makomiti oyang'anira zachilengedwe. Ku Zambia lamulo la 2015 linatsegula njira yoti magulu a m'midzi azisamalira nkhalango. Ku South Africa lamulo la 1998 loona za moto wa m'tchire linalamula kuti mwini malo akhale ndi zida, zovala zodzitetezera ndiponso anthu ophunzitsidwa kuzimitsa moto.

Kukhazikitsa gulu n'kosavuta. Mfumu imaitanitsa msonkhano, anthu amalembetsa maina, mlangizi amabwera n'kuphunzitsa masiku awiri kapena atatu, zida n'kugawidwa. Vuto limaoneka chaka chachiwiri ndi chachitatu, pamene mlangizi uja wasamutsidwa, zida zamwazikana m'makomo, ndipo gulu latsala m'kaundula mokha. Kabuku kano kakonzedwa kuti kathandize alangizi a zaulimi ndi a zankhalango, mafumu ndi makomiti a m'midzi kukonza maphunziro obwerezabwereza, oyenda ndi nyengo za chaka, amene mudzi ungathe kuchita wokha popanda kudikira thandizo la kunja.

CHIFUKWA CHAKE MAPHUNZIRO A KAMODZI SAKWANIRA

Luso lozimitsa moto limakhala m'manja ndi m'miyendo. Munthu angathe kulongosola bwino lomwe kagwiridwe ka chomenyera moto ali khale pansi pa mtengo, koma utsi ukamulowa m'maso, kutentha n'kumuwamba kumaso, amachita chokhacho chimene thupi lake linazolowera. Ngati sanazolowere kanthu, amachita zimene munthu aliyense wamantha amachita: amamenya moto ndi mphamvu zonse kuchokera pamwamba, mbaliwali n'kuulukira pa udzu wosapsa, kapena amathawira kumtunda kumene motowo ukulowera.

Anthu a m'gulu amasinthanso. Mwa amene anaphunzira chaka chatha, ena apita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya, ena ku Joni, wina wakwatiwa kumudzi kwina, winanso mawondo ayamba kumuvuta. Olowa m'malo mwawo amabwera ndi mtima wofuna kuthandiza koma sadziwa tanthauzo la kulira kwa wezulo. Malo nawonso sakhala chimodzimodzi. Munda umene chaka chatha unali wolimidwa, pamene anthu akanathawirapo, chaka chino ndi tsala ndipo tsekera wapitirira mutu wa munthu. Chitsime chimene ankadalira chaphwa. Gulu limene silinayendere dera lake chaka chino likuyenda ndi mapu a chaka chatha m'mutu.

Ngozi ina yakale, imene aphunzitsi a ntchitoyi amaitchula kawirikawiri, ikuonetsa bwino mfundoyi. Pa 5 Ogasiti 1949, m'khwawa lotchedwa Mann Gulch ku Montana m'dziko la America, moto unadutsira kunsi kwa amuna 16 n'kuyamba kuwathamangitsa chokwera phiri la udzu wouma. Kapitawo wawo, Wagner Dodge, ataona kuti sangaupitirire, anayatsa udzu umene unali patsogolo pake, nalowa pamene papsapo n'kugona chafufumimba paphulusa. Anakodola anzake kuti alowe naye koma palibe anamutsatira, pakuti anali asanaonepo njira yotere, ndiponso ambiri a iwo anali asanagwirepo naye ntchito mokwanira kuti amukhulupirire pa nthawi ngati imeneyo. Dodge anapulumuka, pamodzi ndi ena awiri amene anakwanitsa kudutsa pamwamba pa phirilo. Anthu 13 anafa. Nzeru yopulumukira inalipo pomwepo, koma inali m'mutu mwa munthu mmodzi. Gulu limene limaphunzira pamodzi kawirikawiri limadziwa njira zotere moto usanabwere, ndipo limadziwa mau a kapitawo wake.

Ndi chifukwa chake pulogalamu ya Working on Fire, imene inayamba ku South Africa mu 2003, inakhazikitsa mwambo woti ozimitsa moto ake aziyesedwanso mphamvu ndi luso chaka chilichonse nyengo ya moto isanayambe, ngakhale amene agwira ntchitoyi zaka zambiri. Awo ndi anthu olipidwa. Anthu ongodzipereka, amene amagwira chomenyera moto masiku owerengeka pachaka, ndiwo ayenera kubwereza koposa.

MOTO WA MU MEYI NDI JUNI NDIWO SUKULU

Kuphunzira kuzimitsa moto popanda moto kuli ndi malire. Mwayi wa dera la nkhalango za mombo ndi wakuti chaka chilichonse pamakhala nyengo imene moto umakhala wofatsa, ndipo kuuyatsa nthawi imeneyo kumapindulitsa nkhalango.

Zimenezi zinatsimikizidwa ndi kafukufuku amene anayamba ku Ndola, ku Zambia, mu 1933. Nkhalango inagawidwa m'zigawo: zina zinkatenthedwa chaka chilichonse kumayambiriro kwa nyengo yopanda mvula udzu usanaumitsitse, zina zinkatenthedwa kumapeto kwa chilimwe, ndipo zina zinkatetezedwa kuti zisapse konse. Pofika mu 1959, pamene C. G. Trapnell anasindikiza zotsatira zake, m'zigawo zotenthedwa mochedwa mitengo yambiri ya mtundu wa mombo inali itafa, n'kutsala yopirira moto monga mlombwa. M'zigawo zotenthedwa msanga nkhalango inali chiimire ndipo mitengo ing'onoing'ono inkakula. Kuchokera pa kafukufuku ngati ameneyu, a zankhalango m'maiko angapo a kuno amalimbikitsa kutentha tchire msanga m'malo oyenera, kuti moto wa mu Okutobala ukadzabwera udzapeze udzu wochepa. Akulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo pa nkhani iyi mwambiwu uyenera kumvedwa monga momwe ukunenera.

Tsono ntchito yotentha msanga ndi yolambula miseu yotchinga moto isaonedwe ngati thangata. Gulu lanzeru limaisandutsa maphunziro ake aakulu a chaka. Mu Epulo, mvula ikangosiya, gulu lonse liyendere malire a nkhalango ya mudzi, nazale, manda, madimba ndi minda ya mitengo ya bulugamu kapena paini, ndipo ligwirizane za malo a miseu. Ku Zimbabwe malamulo a 2007 anaika mamita 9 kukhala m'lifupi mwa mseu wotchinga moto. Kumene lamulo silinatchule muyeso, mamita amenewa ndi poyambira pabwino, ndipo pamene udzu ndi wautali kapena malo ndi otsetsereka mseuwo ukule kuposa apa. Kulima mamita 9 onse ndi khasu n'kotopetsa. Njira yopepuka ndiyo kupalira mizere iwiri yoyera m'mbali, uliwonse wa mita imodzi kapena awiri, kenaka n'kutentha udzu wa pakati pake. Kutentha kumeneku ndiko phunziro.

Tsiku lake lisankhidwe mosamala. Likhale lopanda mwera, ndipo moto uyatsidwe chakumadzulo dzuwa litapendeka, pamene chisisira chayandikira ndipo mame a usiku adzathandiza kuuzimitsa. Kapitawo ayambe wayatsa kamoto kakang'ono pakona kuti aone m'mene udzu ukupsera. Malawi a moto akapitirira m'chiuno mwa munthu, ntchitoyo iimitsidwe kufikira tsiku lina. Woyatsa ndi muuni ayambire kumbali imene mphepo ikupita, kuti moto uziyenda molimbana ndi mphepo, ndipo pamalo otsetsereka ayambire kumtunda kuti moto uzitsika. Moto wotere umayenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba, ndipo munthu watsopano angathe kuima pafupi nawo, kumva kutentha kwake, kuumenya, kulakwitsa, n'kukonzedwa ndi mnzake popanda ngozi. Aliyense alandire mpata pa ntchito iliyonse: kuyatsa, kumenya, kunyamula sipuleya, kulondera ndi kutsirizitsa zotsalira. Kapitawo naye apatse womutsatira wake tsiku limodzi lolamulira, chifukwa moto weniweni ungadzabuke iye ali kumaliro kutali.

Ntchitoyi ili ndi mikangano yake, ndipo ndi bwino kuithetsa moto usanayatsidwe. Amayi ndi abambo omweta udzu wofolera amafuna kuti udzu ukhwime, ndipo gulu limene latentha tsekera asanamwete silidzalandiranso thandizo la mudzi. Oweta ng'ombe amafuna msipu wa chilimwe. Kumanda sikulowedwa popanda mau a mfumu. Minda imene alimi aphimbira ndi mapesi siyenera kufikiridwa ndi moto ngakhale pang'ono. Kutentha kuchitike m'zigawo zing'onozing'ono zimene mudzi wavomereza, anthu a midzi yoyandikana atadziwitsidwa, ndipo chilolezo cha a zankhalango chitatengedwa kumene lamulo likutero.

ZIMENE GULU LIYENERA KUZIDZIWA NGATI DZINA LAKE

Moto wa m'tchire uli ndi mutu, nthiti ziwiri ndi mchira. Mutu ndi kumene mphepo ikuukankhira, ndipo kumeneko ndiko kuli malawi aatali ndi utsi wambiri. Anthu osaphunzira amathamangira kumutu chifukwa ndiko kukuoneka koopsa. Gulu lophunzira limayambira kumchira, pamalo otetezeka monga mseu, mtsinje, munda wolimidwa kapena lupsa lozizira, n'kumatsata nthiti, kuupanikiza motowo mpaka mutu utachepa. Poyenda chotere malo opsa kale amakhala pafupi ndi phazi la munthu aliyense, ndipo ndiko kothawira koyamba.

Kayendedwe kake kayenera kubwerezedwa mpaka kazolowereke. Wonyamula sipuleya amatsogola, akupopera madzi patsinde pa malawi kuti agwe. Omenya atatu kapena anayi amamutsatira mondondozana, motalikirana mamita awiri kapena atatu kuti asapwetekane. Chomenyera chabwino chimapangidwa ndi lamba wakale wa labala, monga wa chigayo, womangirira kumpini wautali. Nthambi zaziwisi zimagwira ntchito koma zimauma msanga n'kuyamba kuyaka zokha. Chomenyera chisakwezedwe kupitirira phewa. Chitsike chopendeka, chikukankhira mbaliwali kumalo opsa, ndipo chikhale pansi kamphindi kuti moto usowe mpweya. Wotsogola mwa omenyawo ndiye amapsa kwambiri, choncho azisinthana pafupipafupi, wotopa n'kupita kumbuyo kwa mzere. Pambuyo pa onse pamabwera a makasu ndi mareki, okwirira ndi kukokera mkati chilichonse chofuka. Sipuleya ya malita 15 kapena 16 imatha msanga, kotero pakhale anthu amene ntchito yawo ndi kutunga madzi basi. Sipuleya imene inagwirapo mankhwala a thonje kapena a fodya itsukidwe kwambiri, ndipo madzi ake asamwedwe kapena kuthiridwa pabala.

Zida za m'manja zili ndi malire. Malawi akafika pachifuwa cha munthu wamkulu, cha m'ma mita 1.2, kumenya sikuthandizanso. Apo gulu libwerere kumseu wotchinga moto kapena pamalo ena oyera, n'kudikira motowo kumeneko. Kubwerera si mantha, ndipo kapitawo anene mau amenewa mobwerezabwereza pa maphunziro, chifukwa anyamata ambiri amaopa kusekedwa koposa kuopa kupsa. Kuyatsa moto wina woti ukakumane ndi umene ukubwera ndi njira yamphamvu komanso yoopsa kwambiri, pakuti ingathe kutsekereza anthu pakati pa moto uwiri. Wololeza kuyatsa moto wotere akhale kapitawo yekha, atawerenga anthu ake onse ndi kutsimikiza kuti kutsogoloko kulibe munthu kapena ziweto.

Mphepo ndi chitunda ndizo zimapha. Ofufuza a ku Australia anapeza kuti moto umawirikiza liwiro lake pa madigiri 10 aliwonse a chitunda, ndiko kunena pamalo pamene nthaka ikukwera mita imodzi pa mamita 6. Pa madigiri 20 liwirolo limakhala kanayi. Munthu akamakwera phiri amachepetsa liwiro pamene moto ukuwonjezera, choncho palibe amene ayenera kuima kumtunda kwa moto pali udzu wosapsa pakati pawo. Khwawa ndiye loipitsitsa, chifukwa limakoka moto ndi utsi ngati chumuni cha balani ya fodya. Mphepo ikatembenuka, nthiti yonse imene anthu amaimenya mwamtendere imasanduka mutu nthawi yomweyo. Kamvuluvulu wa mu Okutobala amanyamula udzu woyaka n'kukauponya kutsidya kwa mseu, kumbuyo kwa anthu.

Kaamba ka zimenezi, chomenyera chisanagunde pansi munthu aliyense akhale akudziwa mlonda wa gulu ndi pamene waima, chizindikiro chothawira, njira yothawira ndi ina yapadera, ndiponso malo okakumanako. Mlonda aime pachulu kapena pathanthwe pamene akuona moto wonse ndi anthu onse, ndipo asagwire chida chilichonse kupatula wezulo. Ntchito imeneyi imayenera munthu wachikulire wodziwa mphepo za deralo. Malo opulumukirako akhale opanda choyaka, ndipo munthu atalikirane ndi moto kosachepera kanayi kutalika kwa malawi ake: ngati tsekera akuyaka malawi a mamita atatu, pafunika mamita 12 kapena kuposa kumbali zonse. Dimba lonyowa, bwalo la mpira ndi munda wogaulidwa ndi malo abwino. Chizindikiro chothawira chikalira, zida zolemera zitayidwe pomwepo. Izinso zimafunika kuyeserera, popeza munthu amene wauzidwa chaka chonse kuti asamale sipuleya ya gulu savomera msanga kuitaya.

MIYEZI YOTENTHA

Kuyambira Ogasiti kufikira mvula itagwa, moto wophunzirira usayatsidwenso. Ozimitsa moto m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito lamulo losavuta kukumbukira la 30 katatu: kutentha kukapitirira madigiri 30, chinyezi cha mumpweya chikatsika kufika pansi pa 30 peresenti, ndipo mphepo ikaposa makilomita 30 pa ola, moto umakhala wosagwirika. Kumudzi kulibe zoyezera, koma zizindikiro zake n'zodziwika: m'mawa mopanda mame, udzu wothyoka ukapindidwa, fumbi louluka mumseu. Masiku otere gulu likhale tcheru, ndipo mfumu iletse kutentha kulikonse.

Pa nyengo imeneyi maphunziro akhale afupiafupi koma osadumphadumpha. Ola limodzi pa masabata awiri aliwonse, pa tsiku lodziwika losawombana ndi msika kapena mapemphero, limapindula kuposa msonkhano wa tsiku lonse wochitika kamodzi. Anthu ongodzipereka ali ndi madimba, njerwa zoumba ndi maganyu, ndipo maphunziro otalika amawathawitsa.

Phunziro loyamba ndi la kuitana. Chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo, kapena ng'oma, chikhale ndi kaimbidwe kake ka moto kosiyana ndi ka maliro kapena ka msonkhano. Mafoni a m'manja amathandiza kuitana midzi yoyandikana, koma batire limatha ndipo netiweki imasowa kuseri kwa phiri, choncho chitsulo chisachotsedwe. Kapitawo aziimba chitsulocho tsiku limene sanalengeze, mudzi utachenjezedwa kale kuti kuyeserera kotere kudzachitika, ndipo mlembi alembe mphindi zimene zapita kufikira anthu atasonkhana ndi zida zawo. Kuyeserera kumeneku kumaulula zambiri: kiyi wa mosungira zida ali ndi munthu amene wapita kuchigayo, sipuleya ikudontha, mipini iwiri yadyedwa ndi chiswe.

Phunziro lina limachitikira pansi, pabwalo. Gulu lijambule dera lake padothi, miyala ikhale mapiri, timitengo tikhale miseu ndi mitsinje, phulusa likhale moto. Kapitawo anene kuti moto wabuka kuseri kwa manda masana, mwera ukuomba, ndipo afunse munthu mmodzi, makamaka watsopano, kuti ayambira pati, mlonda aima pati, ndipo athawira kuti. Kenaka atembenuze mphepo n'kufunsanso. Phunziroli silifuna ndalama, ndipo limapatsa mpata olankhula pang'ono kuti aganize mokweza. Pambuyo pake gulu lipite kukayenda njira zothawira zimene zatchulidwazo ndi miyendo, chifukwa njira imene padothi ikuoneka yaifupi ingathe kukhala ndi mpanda wa minga.

Zovala ziyang'anidwe pa kukumana kulikonse. Nsalu za nayiloni ndi poliyesitala zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Zoyenera ndi za thonje, za manja aatali ndi miyendo yaitali, pamodzi ndi chipewa ndi kansalu kotchinga pamphuno. Nsapato za pulasitiki ndi zofewa za patapata n'zoletsedwa. Amayi, amene nthawi zambiri ndiwo amapezeka pamudzi masana moto ukabuka ndipo ayenera kukhala m'gulu ndi kuphunzira ntchito zonse, apezeredwe maovolosi kapena mathalauza a thonje, chifukwa chitenje chimakupiza ndi mphepo ndiponso chimamanga miyendo pothawa. Ana asaloledwe kumoto, ndipo munthu woledzera abwezedwe ngakhale anthu achepe.

Chithandizo choyamba chibwerezedwe ndi manja. Bala la moto lithiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, mphete ndi zibangili zichotsedwe chiwalo chisanatupe, ndipo balalo liphimbidwe ndi nsalu yoyera. Nsalu imene yamatirira isakokedwe, matuza asabooledwe, ndipo mafuta, dzira, mankhwala otsukira mano kapena dothi zisapakidwe. Wopsa kumaso, m'manja, kumalo obisika kapena malo aakulu, ndiponso amene mau ake asasa atapuma utsi, apite naye kuchipatala msanga. Munthu amene wayamba chizungulire kapena kubwebweta ndi kutentha agonekedwe pamthunzi, athiridwe madzi ndi kukupizidwa. Gulu lidziwiretu njinga, ngolo kapena galimoto imene idzanyamule wovulala, ndipo aliyense anyamule madzi akumwa akeake.

MOTO UKAZIMA

Moto wambiri umene anthu amati wabukanso ndi womwe uja umene anausiya usanathe. Zitsa, zipika zowola ndi ndowe zouma za ng'ombe zimasunga moto usiku wonse, mphepo ya mawa lake n'kuuutsa. Gulu lisabalalike lisanayende m'mphepete monse mwa lupsa, kukokera zofuka mkati ndi kuzikwirira, ndipo anthu awiri abwerereko m'mawa ndi masana a tsiku lotsatira. Asanachoke pamalopo mlembi aitane maina, monga anaitanira ponyamuka.

Pasanathe masiku awiri gulu likhale pansi n'kukambirana za motowo: unayambira pati, anthu anafika nthawi yanji, chinayenda bwino n'chiyani, ndipo ndi pati pamene munthu akanapsa. Kukambirana kumeneku si bwalo la milandu. Mlandu wa amene anayatsa moto ndi wa mfumu ndi a boma, ndipo ukasakanizidwa ndi maphunziro anthu amatseka pakamwa. Kapitawo ayambe ndi kutchula zimene iye mwini walakwitsa, kuti achinyamata amasuke kunena kuti sanamve wezulo kapena kuti anasochera mu utsi. Cholakwika chilichonse chimene chatchulidwa chikhale mutu wa phunziro lotsatira.

Kamodzi pachaka, makamaka mu Julayi, magulu a midzi yoyandikana aphunzire pamodzi, chifukwa moto waukulu umasonkhanitsa anthu amene sanagwirepo ntchito limodzi. Agwirizane za kaimbidwe ka wezulo kofanana, ndiponso za amene adzalamulire moto ukadutsa malire: mwambo wosavuta ndi wakuti kapitawo wa mudzi umene moto uli ndiye alamula, ndipo obwera kudzathandiza amayamba aonekera kwa iye. Kumene kuli esiteti, nkhalango ya boma kapena munda wa kampani monga ya ku Chikangawa, akuluakulu ake apemphedwe kutumiza anthu awo ku maphunziro amenewa, popeza iwo ali ndi zida ndi luso, pamene mudzi uli ndi anthu odziwa njira zonse za m'tchire.

M'dzinja anthu ali kuminda ndipo kukumana kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Imeneyi ndiyo nthawi yosema mipini yatsopano, kudula malamba, kukonza masipuleya ndi kulemba anthu olowa m'malo mwa amene achoka. Watsopano aliyense apatsidwe mnzake wakale woyenda naye, ndipo asapite kumoto wa chilimwe asanagwire nawo moto wofatsa wa mu Meyi kapena Juni. Kaundula wa gulu, wokhala ndi maina, masiku a maphunziro, amene anabwera, chiwerengero cha zida ndi mbiri ya moto uliwonse, asungidwe ndi mlembi ndipo aonetsedwe kwa mfumu ndi mlangizi chaka chikamatha. Tsiku loyendera malire mu Epulo lilembedwe m'kaundulamo mvula isanathe, ndipo mfumu ililengeze pa msonkhano wa mudzi.